Khobidi lagwa liti? Zining'a za Chingerezi za kumva msanga ndi kumva mochedwa

Ku Mzuzu munthu amadzuka m'Chitumbuka, kugula tomato m'Chichewa, kunenerera chitenje ku Taifa Market m'Chiswahili chothyokathyoka, kenaka n'kukalemba mayeso kapena lipoti la kuntchito m'Chingerezi. Zonsezi amasenza ndi mutu umodzi. N'chifukwa chake mawu onena za kumva msanga kapena mochedwa satipita patali kuno. Amatigwera m'kalasi, mu ofesi, ngakhale pafoni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira, makolo ndi anzanga akhala akundifunsa pa zaka zimene ndagwira choko mumzinda uno.

Aphunzitsi, abwana anga ochokera kunja anandiuza kuti ndili "quick on the uptake". Ine ndinangomwetulira. Anandiyamikira kapena anandinyoza?

Anakuyamikirani, mayi, ndipo kumwetulirako munalasa. Amanena kuti simuchedwa kugwira nkhani: iwo akangoyamba kufotokoza, inu mwadziwa kale kumene akulowera. Mnzake wa chining'achi ndi "slow on the uptake", munthu uja amene nthabwala imamufika anzake atapukuta kale misozi ya phwete. Munthu akamadzinena yekha choncho palibe cholakwika, ndipo Angerezi amakonda kudzichepetsa motero. Koma mukalozera nacho wina, mwamutsina.

Liwu loti "uptake" mumalimvanso kuchipatala ndi m'mabungwe, kumene limanena kuchuluka kwa anthu amene alandira chinthu, monga katemera. Tanthauzo la kumvetsa ndi lakale, ndipo kwawo ndi ku Scotland, kumene alembi ngati Walter Scott ankaligwiritsa kale ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Izi zimandikoma chifukwa Chingerezi cha kuno kumpoto nachonso chinabwera pakamwa pa anthu a ku Scotland. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka Dr Robert Laws anakwera nayo phiri la Khondowe mu 1894. Ku Ekwendeni, pafupi pomwepa, Walter Elmslie anatsegula mishoni mu 1889. Ana ankaimba kale alifabeti kumeneko Mzuzu kulibe, poti tauni ino inadzayamba cha m'ma 1947 ndi esiteti ya mitengo ya tung.

Nanga "the penny dropped" ndiye kuti chiyani? Ndalama ikukhudzana bwanji ndi kumva?

Chining'a chimenechi chinabadwira m'makina. Kale ku Britain kunali makina oponyamo khobidi: ena ogulitsa masiwiti m'masiteshoni a sitima, ena oyezera kulemera kwa munthu, ena a telefoni, ena otsekulira chitseko cha chimbudzi cha aliyense. Nthawi zina khobidilo linkakakamira panjira. Munthu ankaima, kudikira, kumenya makinawo ndi chikhatho, mpaka kumva kuti gwe! m'kati, makina n'kuyamba kugwira ntchito. Mutu wa munthu ndiwo makinawo. Mawu analowa kalekale, koma anakakamira penapake, ndipo tsopano agwa pamalo pake.

Ndiye gwiritsitsani ichi: khobidi likagwa, ndiye kuti panali kuchedwa. Si mawu oyamikira munthu. Mnzanu akanena kuti "at last, the penny has dropped", akukusekani pang'ono.

Agogo athu khobidi ankalidziwa bwino. Nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, linali ndi bowo pakati, moti munthu ankatha kulitunga pachingwe. Makhobidi 12 ankapanga sheleni, masheleni 20 n'kupanga paundi. Mu 1971 ife tinasiya mapaundi n'kutenga kwacha ndi tambala, ndipo chaka chomwecho Britain nayo inasiya kawerengedwe kakale ka masheleni. Makina aja anatha, khobidi lakale linatha, koma chining'a chilipobe. Zining'a zimakhalitsa kuposa zinthu zimene zinazibala.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama yathu yatsopanoyo inanyamula chining'a china cha Angerezi osadziwa. Iwo amati "it dawned on me", kunena kuti chinthu chinawachera m'maganizo ngati m'mene kumachera kunja. Ife tili nacho m'thumba. Tambala akalira, kwacha. Liwu lomweli loti kwacha ndilo ankafuula anthu m'misonkhano ya ndale Kamuzu Banda atabwerera kumudzi mu 1958, kutanthauza kuti mtundu wadzuka, waona. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakuti khobidi limagwa kamodzin'kamodzi, pomwe m'bandakucha umabwera pang'onopang'ono, mdima ukusungunuka.

Palinso chachitatu chochedwa kuposa zonsezi, "to sink in". Chimenechi ndi mvula yamawawa ya ku Mzuzu kuno, yosamveka padenga koma yolowa pansi mpaka nthaka itakhuta. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, aliyense mumzinda muno anamva tsiku lomwelo. Koma kuti zimulowe wophunzira kuti buku limene ankadalira kulibenso, zinatenga masiku. Kumeneko ndiye "it took time to sink in". Makolo athu anazidziwa kale pamene ankati mawu a akulu akoma akagonera.

Ndaona kuti zining'a zambiri za Chingerezi zimakamba za kugwira, kuthwa ndi kuwala. Bwanji sizifanana ndi zathu?

Mwaona bwino, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Kwa Mngerezi, nzeru ndi dzanja. Ganizo ndi mpira wothamanga umene uyenera kuwakhidwa: "catch on", "grasp", "get it", "pick it up". Nzeru ndi mpeninso. Wanzeru ndi "sharp as a tack", wakuthwa ngati kamsomali kokhomera mapepala pabolodi ya zidziwitso, ndipo wochedwa ndi "dull", mpeni wobuntha. Apo ayi nzeru ndi nyale: "bright", "dim", "a light-bulb moment", "in the dark". Ndipo akamvetsa chinthu amati "I see", ngakhale muli pafoni ndipo palibe chimene akuona.

Ife zina mwa izi tili nazo. Timati mutu wake umagwira, timati ndi wakuthwa m'kalasi, timati wouma mutu. Koma tsinde lathu lili kukhutu. Kumva, kumvetsa, kumvetsetsa, kumvera, kumvana: onsewa ndi ana a mayi mmodzi. M'Chitumbuka ndi chimodzimodzi: kupulika, kupulikiska, kupulikira. Kholo likafunsa kuti "Wamva?" kapena "Wapulika?" likufunsa zinthu zitatu pakamodzi. Kodi mawu afika m'khutu? Kodi tanthauzo walitola? Kodi uchita? N'chifukwa chake mwana wosamva kwathu si mbuli. Akhoza kukhala woyamba m'kalasi, koma ndi nkhutukumve, uja anadzamva nkhwangwa ili m'mutu.

Kusiyanaku kumabala zisokonezo zenizeni. Mnyamata wa njinga yonyamula anthu, ya sakaramento, akauza mlendo kuti "I don't hear English", mlendoyo amakweza mawu, kuyesa kuti vuto ndi makutu. Wantchito akauza abwana kuti "I have heard", iye akulonjeza kuti achita, koma abwanawo amangomva kuti phokoso lafika. Ndipo chenjerani ndi "I hear you" ya Angerezi ndi Amereka. Kawirikawiri imatanthauza kuti maganizo anu ndawamva, koma sindinavomere.

Chinanso n'chakuti Chingerezi chimalemekeza liwiro. "Quick-witted", "on the ball", "think on your feet": wanzeru ndi amene wayankha mnzake asanameze malovu. Pabwalo la milandu kumudzi si choncho. Nduna zimayankhula, mboni zimayankhula, mfumu ili chete, ndipo imadzatsekera kumapeto. Palibe amene amati mfumuyo ndi "slow". Mwana woyankha akulu asanamalize timamutcha wamwano. Mwana yemweyo, amene tamuphunzitsa kunyumba kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, akapita kukayesedwa ntchito amapeza kuti kudekhako akumuwerengera ngati kusadziwa. Ine sindikuti mwambo wathu ndi wolakwa kapena wawo ndi wolakwa. Ndikuti mwanayo auzidwe kuti mabwalo ndi awiri, ndipo lililonse lili ndi kavinidwe kake.

Ndi ziti zimene zili zachipongwe, zoti ndisayerekeze kunena?

Zambiri za mbali ya kuchedwa. Chingerezi n'cholemera kwambiri pa kunyoza wochedwa kumva kusiyana ndi kuyamikira wofulumira.

"As thick as two short planks" ndi chipongwe chosabisa. Aliyense amene anasenzapo matabwa a ku Chikangawa akudziwa kuti thabwa likafupika limaoneka lonenepa. Awiri otero mukawasanjikiza, msomali sudutsa, ndiye mutu wa munthu akunenedwayo. "Thick" payekha, "dense" ndi "dim" ndi a banja lomwelo.

Pa "dense" ndili ndi chilonda changa. Nditangoyamba ntchito pasukulu ina, liwuli ndinkalidziwira m'buku la jogalafe, pa nkhalango yowirira. Ndinaganiza kuti mutu wowirira ndi wodzaza nzeru. Tsiku lina pa tiyi ndinauza mphunzitsi mnzathu wochokera kunja kuti ahedi athu ndi munthu "very dense". Mnzangayo anatsamwa tiyi. Mwayi wake ahediwo anali panja, akuyang'anira ana otchetcha.

Zoopsa kwambiri ndi zija zozungulira, chifukwa Angerezi amakonda kubaya ndi mpeni wokulunga m'nsalu. "Not the sharpest tool in the shed", "not the brightest bulb", "the lights are on but nobody's home". Munthu wongomva liwu loti "sharpest" kapena "brightest" akhoza kuthokoza, osadziwa kuti "not" wa kumayambiriro uja wagubuduza zonse. Akamati si chida chakuthwa koposa m'nyumba yosungira zida, sakutanthauza kuti ndi chachiwiri. Akutanthauza kuti ndi chomalizira.

Ku India ali ndi chawo chimene chimandiseketsa: wochedwa kumva amamutcha "tubelight", nyale yaitali ija imene mukayatsa imayamba yaphethiraphethira isanawale. Amene tinawerengerapo usiku m'makalasi a sekondale tikuidziwa.

Ndipo pali "dunce", liwu limene mbiri yake ndi yomvetsa chisoni. Linachokera pa dzina la John Duns Scotus, wansembe wa ku Scotland amene anamwalira mu 1308, mmodzi wa anthu oganiza mozama koposa a nthawi yake, wophunzitsa ku Oxford ndi ku Paris. Patapita zaka ngati 200, maphunziro atasintha, akatswiri atsopano anayamba kuseka otsatira ake kuti ndi okakamira zakale, ndipo dzina lake linasanduka dzina la mbuli. Kenaka m'masukulu a ku Ulaya ndi ku America munabwera chipewa chosongoka chovekedwa mwana wolephera, ataimikidwa pakona. Munthu amene anali katswiri wa akatswiri, lero dzina lake ndi chitonzo cha mwana wosadziwa samu.

"Cotton on" ikukhudzana ndi thonje?

Osati thonje la kumunda ayi. Ku Britain "cotton on" ndi kuzindikira chimene chikuchitika, makamaka chinthu chimene ena amabisa kapena sanachinene poyera: "she soon cottoned on to their plan". Ku America "cotton to" ndi kukonda munthu kapena chinthu. Musaziphatikize.

China chosokoneza ndi "there are no flies on him". Sichinena za ukhondo. Chikunena kuti munthuyo ndi wochangamuka moti ntchentche siipeza mpata womutera, simungamupusitse. Amayi ogulitsa usipa mumsika waukulu, amene amawerengera chenje m'mutu uku akuyankha makasitomala atatu, ndiwo eni ake a chining'achi, ngakhale ntchentche zenizenizo sizichoka pa benchi pawo.

Achimwene anga a ku Joni amati "sharp" pa chilichonse. Kusukulu "smart" ndi kutchena. Pa TV "smart" ndi nzeru. Zoona ndi ziti?

Zonse ndi zoona, kungoti Chingerezi si chimodzi. Ku South Africa "sharp" kapena "sharp sharp" ndi moni, ndi kuvomera, ndi kutsanzika. Anyamata a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay amene akhala akupita kumeneko mibadwomibadwo ndi ena mwa amene anabwera nayo, ndipo lero tonse timati shapu. Ilibe kanthu ndi kuthwa kwa mutu. Komweko mukamva wina akutchedwa "dof", liwu lochokera ku Chiafrikaans, dziwani kuti akumunena kuti ndi wogona.

"Smart" yathu ya yunifolomu yositidwa ndi nsapato zopolishidwa ndi ya ku Britain. Ya ku America ndi ya nzeru, ndipo ndi imene ili mu "smartphone". Mafilimu ndi intaneti zikuchititsa kuti ya ku America ipambane.

"Clever" ndiye ali ngati kuchenjera kwathu: ali ndi nkhope ziwiri. Mwana "clever" ndi wanzeru. Koma "too clever by half", "clever Dick" ndi "smart aleck" ndi Kalulu wa m'nthano, kapena Nzeruzayekha uja anaviika nsima m'madzi. "Sharp practice" nayo si luso, ndi ukathyali pa malonda.

Kodi si zoona kuti ife akumpoto mitu yathu imagwira msanga kuposa ena?

Funso limeneli limabwera ndi kumwetulira, ndipo wofunsayo amafuna ndivomere. Sindivomera, adada. Chimene chinafulumira kuno ndi sukulu, osati magazi. Mishoni ya Livingstonia inamwaza masukulu m'midzi ya Atonga, Atumbuka, Angoni ndi Ankhonde, ndipo ku Khondowe inaphunzitsa aphunzitsi, akalaliki, amisiri ndi othandiza m'chipatala kale kwambiri. Kumpoto kunalibe maesiteti ndi mafakitale ambiri ngati kummwera, choncho njira zotulukira mu umphawi zinali ziwiri: pensulo kapena ulendo. Mwa ophunzira a kumeneko munatuluka Levi Mumba, pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ndi Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe lalikulu la ogwira ntchito ku Cape Town mu 1919. Mdzukulu wa munthu wowerenga amabadwira m'nyumba momwe muli kale buku. Akafika m'kalasi amaoneka wofulumira chifukwa anayamba ulendo kudakali mdima. Mkangano wa kota, kasankhidwe ka ophunzira motsata maboma, umene unatigawa zaka zambiri, unkakula chifukwa mbali zonse zinkaiwala mbiri imeneyi.

Mwana wanga ali Sitandade 5. Aphunzitsi ake alemba kuti ndi "slow learner". Kunyumba ndi wochangamuka, amawerengera ndalama za pa okala yanga osalakwitsa. Ndimve ziti?

Amama, funso lanu ndi lolemera kuposa onse, ndipo ndichedwapo.

Choyamba, "slow learner" si chining'a chocheza nacho ngati zinazi. Ndi chizindikiro chimene chimamatirira mwana, ndipo ife aphunzitsi timachimata mofulumira kwambiri. Taonani msewu umene mwana wa ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kapena ku Chibavi amayenda. Kunyumba ambiri amayankhula Chitumbuka, ena Chitonga, Chinkhonde kapena Chilambya. Akalowa Sitandade 1 amakumana ndi buku la Chichewa, chifukwa kuyambira 1968 Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, ndipo chaka chimenecho Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Pawailesi chinabwerera mu 1994. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, koma m'makalasi ang'onoang'ono aphunzitsi amasakaniza ndi chiyankhulo cha ana kuti zinthu ziyende, ndipo amachita bwino. Pofika Sitandade 5 chitseko chimatsekeka: sayansi, samu, zaulimi, zonse m'Chingerezi, ndipo mayeso a Sitandade 8 ayamba kununkhira.

Ndiye mphunzitsi akafunsa funso, mwana wanu amalimva m'Chingerezi, kulitembenuza m'mutu, kupeza yankho, kulitembenuzanso, kenaka kuyeza ngati anzake samuseka akaphonya katchulidwe. Pamene dzanja lake likuyamba kukwera, mwana wa m'nyumba yoyankhula Chingerezi wayankha kale. Chimene mphunzitsi wayeza pamenepo si liwiro la nzeru. Wayeza kutalika kwa njira.

Onjezanipo kuchuluka kwa ana. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo m'tauni. Mphunzitsi mmodzi sangadikire khobidi la mwana aliyense kuti ligwe. Amapita ndi a kutsogolo.

Yesani izi. Tengani funso lomwe analephera, mumufotokozere m'chiyankhulo cha kunyumba, ndi zitsanzo za pa okala yanu. Akalikhoza, vuto ndi Chingerezi, ndipo mankhwala ake ndi kuwerenga naye timabuku tosavuta tsiku lililonse, ngakhale kwa mphindi 15. Akalephera ndithu, onani zina. Kodi amamva bwino, kapena khutu linatulukapo mafinya? Kodi amaona pabolodi kuchokera pamene amakhala? Kodi amapita kusukulu atadya? Ana ambiri otchedwa ogona ndi ana amene sakumva kapena sakuona bwino, ndipo palibe anawayeza. Zonsezi zikakhala bwino koma vuto lilipobe, alipo ana amene ubongo wawo umavutikadi ndi zilembo kapena manambala, ndipo si ufiti, si ulesi. Pitani naye kuchipatala, kapena ku St John of God mumzinda momwe muno, kumene amathandiza ana a mavuto a kakulidwe ndi kaphunziridwe. Funsaninso ahedi ngati pali mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, mwa aja amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Chiradzulu.

Chingerezi chomwecho chili ndi mawu achifundo amene ndikanakonda tizilemba m'malipoti: "a late bloomer" kapena "a late developer", mbewu yochedwa kuchita maluwa. Alimi a khofi m'mapiri otizungulirawa amadikira zaka zitatu mtengo usanabereke, ndipo palibe amauzula chaka choyamba.

Ndikulemba MSCE chaka chino. Ndizithire zining'azi m'chimangirizo kuti ndikhoze bwino?

Thira ngati mchere, mwana wanga, osati ngati ufa. Ndikudziwa chimene chikukuopsa: popanda Chingerezi satifiketi ya MANEB kulibe, ndipo yunivesite ya boma imafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Koma wochonga amasangalala ndi chining'a chimodzi chokhala pamalo pake kuposa zisanu zokhomedwa ndi hamala. M'nkhani yopeka kapena m'mawu a anthu akucheza, zimakoma. M'lipoti ndi m'kalata yofunsira ntchito, zisiye.

Ndipo usasinthe liwu ngakhale limodzi. Ndi "the penny dropped", osati "the coin fell". Wina anandilembera kuti "the kwacha dropped" pofuna kuchisandutsa chathu. Ndinamuyamikira kulimba mtima, koma aliyense wowerenga angaganize za Novembala 2023, pamene ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti.

Chenjeranso ndi "a steep learning curve". Anthu amachinena pa chinthu chovuta kuphunzira, akuganiza za chitunda ngati msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia ndi makhota ake pafupifupi 20. Koma pa galafu yeniyeni, mzere wokwera mwachangu umasonyeza munthu amene akuphunzira msanga. Pocheza tsata anthu. M'kalasi ya samu tsata galafu.

Nanga ine ndikapanda kumva zimene alekichala kapena abwana anena, ndinene bwanji mwaulemu, osaoneka wopepera?

Apa Chingerezi chili ndi mphatso, chifukwa chimalola kusenzetsa wolankhulayo theka la katundu. "Sorry, you've lost me" akutanthauza kuti timayendera limodzi koma mwanditaya panjira. "I'm not sure I follow" ndi yaulemu kwambiri, yoyenera pamsonkhano. "Could you run that by me again?" ndi kupempha abwereze. "I didn't quite catch that" ndi pamene mawuwo sanamveke bwino. "That went over my head" ndi kuvomera modzichepetsa kuti nkhaniyo inadutsa pamwamba ngati mbalame, ndipo ndi yabwino pakati pa anzanu. "I haven't the foggiest" isungireni anzanu okhaokha. Ndi chifunga cha pa Chikangawa m'mawa wa mu Julaye, pamene dalaivala saona ngakhale boneti, ndipo abwana sakondwa kumva kuti muli m'chifunga chotero.

Chovuta si mawu, ndi manyazi. Tinakula tikudziwa kuti kuuza wamkulu kuti sindinamve kuli ngati kumuuza kuti simunafotokoze bwino. Koma tinakulanso tikudziwa kuti Safunsa anadya phula. Abwana ambiri ochokera kunja amadandaula chinthu chimodzi: munthu anati "yes", kenaka anakachita zina. "Yes" ameneyo anali wa ulemu, osati wa kumvetsa.

Ife aphunzitsi tili ndi mlandu pamenepa. Tili ndi funso lathu lotchuka, "Are we together?", limene ndi "Tili limodzi?" kapena "Tili pamoza?" atavala jekete. Mngerezi amati "Are you with me?" kapena "Do you follow?", iye patsogolo, inu pambuyo. Lathuli ndimalikonda kuposa lawo, ndipo sindiletsa wophunzira wanga kulinena, chifukwa limaika tonse pa mkeka umodzi. Vuto lake ndi yankho. Ana 90 amakuwa pamodzi kuti "Yeees!", ndipo m'kati mwa mkuwewo mumabisala ana 40 amene atayika kalekale.

Ndinasiya kulifunsa. Masiku ano ndikamaliza kufotokoza ndimati aliyense atembenukire mnzake amufotokozere m'chiyankhulo chilichonse chimene akufuna, ine n'kumayenda pakati pa madesiki ndikutchera khutu. Tsiku lina m'nyengo yozizira, mawindo atatsekedwa, ana atapinda manja m'majuzi, tinali pa "the penny dropped" yomweyi. Ndinalongosola za makina, za khobidi la bowo, za masiteshoni a sitima za ku London, nkhope zili gwa. Nditafika kumbuyo ndinamva mtsikana wina, mmodzi wa aja sakweza dzanja chaka chonse, akuuza mnzake m'Chitumbuka kuti asavutike nazo za makinazo, aphunzitsi akungonena kuti netiweki inathawa ndiye yabwera. Mnzakeyo anati "Ooo!" mokweza mpaka kalasi yonse inacheuka. Ndinapita kubolodi n'kuchilemba pansi pa cha Angerezi chija.